Kachisi wa Njiri pa Chitsime cha Boma

Kalekale, nyama zikadali ndi boma lawolawo, kunagwa chilala. Senderani kuno ananu. Inu akuluakulu musathamangire kuseka, nkhaniyi ndi ya njala.

Mitsinje inauma gwa. Chinatsala chitsime chimodzi, cha boma, pambali pa bwalo la milandu. Chinali cha aliyense.

M'mawa wina nyama zinapeza kachisi wa udzu ali njo panjira ya kuchitsime. Anamanga ndi Njiri, wa mano okhota uja, wadyera wosati masewera.

"Uyu ndi kachisi wa makolo athu," anatero Njiri. "Wofuna madzi ayambe wasiya nsembe."

Zinkasiyadi. Wina dzungu, wina chinangwa. Zikangotembenuka, Njiri kukutu kukutu. Makolowo ankakhutira m'mimba mwa Njiri. Ine zimenezi zimandipsetsa mtima mpaka lero.

Tsono panali mayi Gologolo, wa ana atatu, ndipo mtedza unamutsalira wodzaza chikhatho basi. Akaupereka, ana afa ndi njala. Akapanda kuupereka, ana afa ndi ludzu. Anakasuma kwa Kamba, woweruza milandu.

Bwalo litadzaza, Gologolo anati, "Malo aja ndi a boma. Kachisi achoke."

"Ukudana ndi mizimu, iwe?" anafunsa Njiri.

Kamba anabweza mutu m'chigoba, n'kuutulutsanso pang'ono. "Ine kugwetsa kachisi sindingathe. Ndikuopa."

Gologolo anagwada. "Pepani, ndalakwa. Koma a Njiri, mwati makolo athu. Athu ake ati? Anu nokha, kapena athu tonse?"

Njiri anadziwa kuti akati ake okha, amuuza akamange kwawo. "Athu tonse," anayankha.

Gologolo anati, "Ndiye mawa mtundu uliwonse ubwere ndi nsembe, utchule makolo ake, inu wansembe mutagwada."

Njiri anaganiza za mulu wa zakudya, dovu chuchuchu. Anavomera msanga.

Kamba anati, "Mwambo mukuudziwa. Wansembe sadzuka, ndipo nsembe sikhudzidwa, mpaka dzina lomaliza litatchulidwa."

Kutacha, mulu unakwera mpaka denga la kachisi, mtedza wa Gologolo uli pamwamba. Njiri anagwada, mphuno ili pafupi ndi dzungu. Njovu inatchula makolo ake asanu, onse n'kuomba m'manja, "Pepa, pepa." Mbawala inatchula anayi. "Pepa, pepa." Aliyense akatsiriza kutchula ankapita kukamwa madzi, ndipo ana a Gologolo anamwa mpaka timimba tili ndii.

Kenaka Gologolo anati, "Kwatsala anzathu ena."

Anatulukira a Linthumbu, nyerere zoluma zija, mzere wawo wosaoneka kothera. Wotsogola anakonza kukhosi.

"Gogo wathu Nakaluma, wobala Nakatsina, wobala Nakaluma wamng'ono, wobala..."

"Pepa, pepa."

Dzuwa linalowa, dzuwa linatuluka. Wotchula akasasa mawu, wina ankalandira. Dzuwa linalowa, dzuwa linatuluka. M'mimba mwa Njiri kulukulu, mawondo akuwawa, dzungu lili pomwepo likumununkhira.

Tsiku lachitatu Njiri ananong'ona, "Kodi atsala angati?"

"Tikadali kuchikazi," anayankha Linthumbu mwaulemu. "Kuchimuna sitinayambe."

Misozi inalengeza m'maso mwa Njiri. "A Kamba," anatero, "ndinanama. Kachisiyu ndi wa makolo anga okha."

Ulendo uno Kamba anatulutsa khosi lonse. "Mwanena nokha, bwalo lamva. Makolo anu sitikuwanyoza ayi. Anyamuleni mukawapembedze kwanu. Pano ndi pa boma, madzi ndi a aliyense. Wina aliyense atenge chimene anabweretsa."

Mulu uja unatha psiti. Gologolo anatola mtedza wake, ana ake anadya tsiku limenelo.

Njiri anati adzuke, mawondo anakana. Anakwawa mpaka pamsipu wouma, n'kuyamba kudya ali chigwadire. Mukadzamuona kutchire mudzandivomereza, mpaka lero amadya atagwada.

Yanga yathera apa, kaphuleni mbatata zija zisanapserere. Koma wina akadzati "zathu" maso ali pa dzungu, mudzamufunse bwinobwino kuti zathu zake ziti.