Bambo Amene Anasiya Khirisimasi Yake

Panali munthu wina wopala matabwa amene banja lake linatha. Ana ake awiri aakazi anatsala kwa mayi awo, kutsidya kwa mtsinje. Ankhoswe anagamula kuti holide ya Khirisimasi azisinthana: chaka chino kwa mayi, chaka chamawa kwa bambo.

Chaka chake chitafika, munthuyo anapaka laimu m'chipinda, nakhoma bedi latsopano. Anali atatopa ndi kudya yekha.

Sukulu zitatsekera, anapalasa njinga kukawatenga. Anapeza zikwama zili kale pakhonde, koma mwana wamkulu, Ndaziona, maso ali psuu.

"Walira chiyani, mwanangu?"

Mwanayo anangozyolika. Amene anayankha ndi mayi ake: "A kwaya amusankha kuti adzatsogolere nyimbo pa Khirisimasi. Wakhala akuphunzira kuyambira Okutobala. Koma ndamuuza kuti pangano ndi pangano. Atengeni, bambo a Ndaziona, nthawi ndi yanu."

Munthuyo anaima kanthawi, atagwira njinga yake. Ufulu unali wake, ndipo palibe akanamutsutsa. Anaganizira nyumba yake ya zii. Kenaka ananyamula zikwama zija n'kuzipereka m'manja mwa mayiyo.

"Atsale, mwana aimbe," anatero.

Anabwerera yekha, mtima ukuwawa njira yonse.

Patapita masiku atatu, mayi uja anatumiza uthenga: "Mubwere mudzamve mwana wanu." Pa Khirisimasi munthuyo anakhala pa benchi yakumbuyo, mwana wamng'ono ali pamwendo pake. Ndaziona atayambitsa nyimbo, misozi ya bamboyo inatsika, ndipo sanaipukute.

Mapemphero atatha, mayi uja anamupeza panja pa tchalitchi.

"Munachita zaumunthu. Mawa ndidzawaperekeza ndekha, akakhale kwanu mpaka sukulu zidzatsegulire."

Munthuyo anavula chipewa, nawomba m'manja. "Zikomo, mayi a Ndaziona. Zikomonso pondilerera ana bwino chonchi." Chisiyanirane, mawu amenewa anali asanatulukepo m'kamwa mwake.

Inu amene munasiyana, mverani. Ukwati umatha, koma amene munabereka naye adzakhala kholo linzanu mpaka imfa. Mwana si munda woti muzikanganirana malire. Tsiku lanu likafika, yambani mwayang'ana nkhope ya mwanayo. Ndipo mnzanu akakuchitirani chabwino, ngakhale chaching'ono, muthokozeni ana akumva.