Mkanjo wa Munthu wa Pansanja

Panali bambo wina, a Kamtedza, amene anali ndi buku limodzi lokha m'nyumba mwawo. Koma buku lake! Lachikuto chachikopa, lolemera ngati mwana woyamwa bwino, njenjete zitalidya m'mphepete. Bambo awo ankaphikira ansembe achizungu kumishoni, ndipo analilandira ngati mphatso yotsanzikirana. Munali zithunzi za magulu akale a mpingo: abulazala ometa pakati pa mutu, asisitere, ndi asilikali a mtanda atakwera akavalo. Mawu onse anali a Chifalansa, ndipo a Kamtedza ankauza aliyense kuti Chifalansa amachimva ngati Chichewa. Bodza lenileni.

Tsono kunabwera chisankho cha wapampando wa bungwe la abambo kutchalitchi. Mtima wa a Kamtedza unali dyokodyoko pa mpandowo. Anati akavale chovala choti anthu adziwiretu mwini mpando.

Anatsegula buku napeza chithunzi. Msilikali wina waima pansanja, pamwamba pa onse, wopanda nsapato. Chingwe m'khosi, chishango chozondoka pachifuwa, khamu lonse maso ali pa iye.

"Mkulu wa gulu ndi ameneyu," anatero. "Taona, Nangondo, onse akuyang'ana iye."

Mkazi wawoyo anasuzumira. "Nanga nkhope yagweranji chonchi, bambo? Bwanji mukafunse tanthauzo la timawu tili m'munsiti?"

"Ndikafunse ine? Ndawerenga kale. Akuti ulemu."

Telala anasoka zonse monga zinalili pachithunzipo: mkanjo woyera, chishango chozondoka. Chingwe a Kamtedza anamasula cha mbuzi.

Lamulungu la chisankho kunabwera wansembe wokalamba wa ku Kongo, mlendo wodziwa Chifalansa. Misa itatha, a Kamtedza anaima kutsogolo, osavala nsapato, buku kukhwapa. Analipereka kwa mlendoyo mwamatama.

"Bambo mfumu, auzeni anthuwa chimene ndavala. Ndikanena ndekha ati ndikudzitama."

Wansembe anavala magalasi. Anawerenga, nayang'ana mkanjo, nawerenganso.

"Mwana wanga, ndinene pano?"

"Mokweza, bambo!"

"Palembedwa kuti: umu ndi mmene ankachotsera m'gulu msilikali wogwidwa ndi mkazi wa mnzake. Ankamuimika pamwamba kuti onse amuone."

Kenaka kukwaya kunamveka phu! Mayi wina anagwetsa buku la nyimbo. Dzina sinditchula, ine si wamiseche, koma mwamuna wake amayendetsa lole ya ku Beira. Makosi onse anatembenukira komweko, la Nangondo lomwe.

A Kamtedza analakalaka nthaka itang'ambika. Kuvula mkanjo sakanatha, m'kati munali vesiti yobooka. Anayenda kanjira konse ka pakati pa mabenchi, mutu uli pansi, chingwe cha mbuzi chikukwekwereka pambuyo. Pakhomo mkulu wina anawanong'oneza kuti, "Achimwene, kulapa kotere sitinakuonepo. Mulungu akukhululukireni."

Mpando unapita kwa wina. Iwo anatha miyezi akupemphera kutchalitchi cha kutsidya, ndipo kunyumba ankadya m'mbale zosavundikira.

Tsono inu anzanga, si aliyense woimikidwa pamwamba amene akulemekezedwa. Ena amawakweza kuti manyazi awo aonekere patali. Musanasirire malo a munthu, funsani chimene chinamufikitsapo, ndipo ngati simudziwa kuwerenga, nenani kuti simudziwa. Akulu anati safunsa anadya phula. A Kamtedza phula lawo anachita kukasoketsa kwa telala.