Ng'oma ya Kaliza M'magazi a Kachingwe

Kalekale, agogo a agogo anu asanamere mano, kunali mlimi wa mpunga dzina lake Kachingwe. Ankalima kudambo, matope m'maondo, tsiku ndi tsiku.

Tsono mvetsetsani. M'magazi a munthu aliyense muli alonda ang'onoang'ono, osaoneka ndi maso. M'magazi a Kachingwe munali mlonda wina dzina lake Kaliza. Iyeyu analibe mkondo. Ntchito yake inali ng'oma. Mdani akalowa m'thupi, Kaliza ankaimba ng'oma, ankhondo n'kubwera. Mlongo wake Katonthoza anali ndi ntchito ya liwu limodzi lokha: "Basi." Akatero ng'oma inkaleka, ankhondo n'kubwerera.

Kaliza ankamukonda Kachingwe, kumukonda zedi. Nanga si ndiye anali nyumba yake, mudzi wake, dziko lake lonse?

Chaka china mvula inagwa yosakata. Kachingwe anali ndi mng'alu kuchidendene. Mkazi wake Nanthambwe anati, "Bambo, phazilo lipole kaye."

Iye anaseka. "Mayi, kuwokera mpunga sikudikira chilonda." Anapita.

M'matope muja munali tizilombo. Tinapeza khomo lotsegula, tinalowa. Tinaswana, tinaswana, tinaswana.

Kaliza anationa. Anagwira ng'oma.

Ndi-ndi-ndi! Dzukani, dzukani!
Ndi-ndi-ndi! Adani alowa!

Ankhondo anabwera. Anasonkha moto kuti aotche tizilombo, thupi la Kachingwe n'kutentha.

Nanthambwe anati, "Tiyeni kwa odziwa mankhwala."

"Ndi malungo chabe awa. Mawa ndidzuka."

Amuna inu, mawu amenewa akwiriritsa anthu angati?

Tizilombo tina tinafa, tina tinathawira m'mapapo. Kaliza anaonjeza kuimba. Tsiku lachiwiri, ng'oma. Lachitatu, ng'oma. Ankhondo anachuluka mpaka osadziwana. Ankangobaya chilichonse, mdani ndi mwini nyumba yemwe. Anaboola mitsempha ya magazi. Madzi anadzaza m'mapapo, Kachingwe n'kuyamba kupuma mobanika.

Katonthoza anathamangira kwa mlongo wake. "Achimwene, basi. Moto wafika kudenga."

"Basi bwanji? Adaniwa sukuwaona?"

"Ndikuwaona. Koma amene akugwetsa makoma ndi anthu anu omwe."

"Choka apa iwe! Ine ndikaleka, bambowa afa."

Anamukankhira kumbali. Katonthoza anakuwa, anakuwa, koma ng'oma inameza mawu ake.

Tsiku lachinayi Nanthambwe anaitana anansi. Anamunyamula Kachingwe pamachira kupita naye kwa wodziwa mankhwala. Njira inali yaitali, mitsinje yodzaza. Wodziwa mankhwala uja atamuona anapukusa mutu. "Mayi, mwachedwa. Tizilombo ndingatiphe, koma nyumba yapsa kale."

M'katimo Kaliza anali akuimbabe, manja atatupa. Kenaka anamva chachilendo. Panali ng'oma ina, yaikulu, imene ankaimva chibadwire, mtima wa Kachingwe. Ng'oma ija inayamba kutsimphina. Kaliza analeka yake kuti amvetsere.

Gu. Gu. Gu.

Zii.

Wankhondo wina anafika akuvina. "Tapambana! Adani atsala owerengeka!"

Kaliza anafunsa, "Tapambanira yani?"

Anaitana mlongo wake. Palibe anayankha. Anakhala pansi, ng'oma pamiyendo, magazi akuzizira mbali zonse. Kunja ankamva Nanthambwe akulira maliro. Kaliza analira naye, poti anadziwa amene anaitana moto uja.

"Pepani bambo," anatero. "Ine ndimayesa ndikukutetezani."

Kalizayu ine sindimuda ayi, ndimamumvera chisoni. Popanda iye, munga womwe ukanatitha tonse. Koma mlonda akasiyidwa yekha ndi mdani masiku ambiri, amachita mantha, ndipo wamantha samva "basi." Tsono thupi likatentha mutachokera m'matope ndi bala, musati mawa. Thamangirani kuchipatala lero lomwe, kamlonda kanu kapeze okathandiza kasanatenthe nyumba imene kakuikonda.

Apa ndiye pathera nthano yanga, pomwepa.