Nayini wa a Mphonda

Malonda okoma chonchi amafunika kuwanunkhiza kaye. A Mphonda, eni holo ya masewera a pulu ku Limbe, anaitanira katswiri wa masewerawo, Lufeyo, pambali asanakumane awiriwo mu ndime yomaliza ya mpikisano.

"Mpira wa nayini, wopambanitsa uja, undisiyire ine. Ndikupatsa ndodo yanga yosewerera ya ku Joni. Ukakana, usadzapondenso muno."

"Nayini sindimukhudza, bwana," anatero Lufeyo. "Koma ndodoyo ndilandiriretu, ndiziphonya nayo mwaulemu."

Anailandira, naipaka choko mosapupuluma. Sanagwetse mpira ngakhale umodzi. Ankangokankha pang'ono, mpira woyera wogundira inzake n'kukabisala kuseri kwa ina ngati mkamwini wamanyazi. A Mphonda analasa mphepo kamodzi, kenako kawiri. Kachitatu anapukuta thukuta, naphonyanso.

Woyimbira anakweza dzanja. "Wolephera katatu motsatizana kugunda mpira woyenera waluza. Ndi lamulo, bwana."

"Iwe, tinapangana chiyani?" ananong'ona a Mphonda.

"Nenani mokweza, bwana, anthu amve. Nayini wanu ndi uyo, sanasunthe."

A Mphonda anayang'ana khamu la owonerera. Amene analipira ndi iwowo: ndodo imodzi, chikho chimodzi cha mpikisano, kuwonjezera kuwomba m'manja anthu akuwaona.