Sefa ya Elube pa Nsungwi

Chaka chomwe chimanga chinapsa chisanamasule, Pitala, wokonza mawailesi pa Nayuchi, ndiye analemba m'kompyuta yake mayina a mabanja oyenera kulandira chimanga cha chithandizo. Mayinawo ankafunika ku boma pa intaneti isanakwane 12 koloko Lachisanu. Akanachedwa, mudzi wonse ukanangomva fumbi la lole.

Sukulu ya kutsidya kwa njanji inalola anthu kugwiritsa ntchito wayifayi yake, intaneti yopanda waya, koma kompyuta ya Pitala inali chimphona chosanyamulika. Munthuyo mutu unkamuyenda ndithu. Anatenga sefa yawaya ya mkazi wake Elube, imene inangokhala pakhoma poti ufa wosefa unalibe. Pakati pake anamangirira adaputala, kachipangizo kokoka wayifayi kotalika ngati chala, n'kulumikiza chingwe mpaka kukompyuta. Sefayo anaikoleka pansungwi.

Vuto la Pitala linali phuma, munthu wodya mbatata isanapole. Analozetsa sefa kusukulu, kenako kumanzere, kumanja, uku akukuwira Elube amene ankayang'ana kompyuta.

"Yagwira?"

"Iyayi. Koma inu bambo, mukuipukusa ngati mukuingitsa nkhuku. Taimikani pamodzi ipume."

"Mawailesi ndayamba kukonza musanandidziwe, mayi. Musandiphunzitse."

Lachinayi lonse linatha choncho. Lachisanu dzuwa litakwera, anthu anadzaza pakhonde, milomo ili gwa ndi njala. Pitala anatuluka thukuta, mtima unamuwawa, ndipo anaponya nsungwi pansi.

"Yakanika basi! Ndakupusitsani, abale anga."

Elube anatola nsungwi ija, n'kulozetsa sefa padenga la sukulu, n'kungoima duu. Atawerenga chamumtima mpaka makumi atatu, anaisuntha pang'ono pokha, n'kuimanso. Kachitatu, Pitala, amene anali atalowa kukakhala pakompyuta, anakuwa m'nyumba muja ngati waponda moto.

"Yagwira, mizere itatu! Musagwedezeke mayi, ngakhale ntchentche ikutereni!"

Kani kompyutayo inkafuna kamphindi kuti izindikire wayifayi, ndipo masiku awiri onsewo Pitala ankadutsitsa sefa pamalo oyenera kompyuta isanaphethire n'komwe. Mayina anapita kutatsala mphindi zisanu ndi ziwiri. Nthungululu zinamveka mpaka kusiteshoni, ndipo amayi anavina mozungulira Elube, iye ali chigwirire nsungwi, akuseka misozi ili mbwembwembwe.

Patatha milungu iwiri lole inafika. Elube atabwera kuchigayo, anatsitsa nsungwi n'kuyamba kumasula adaputala.

"Aa mayi, nanga intaneti?" anadandaula Pitala.

"Sefa yanga yapeza ntchito yake yakale. Dikirani ndimalize kusefa."

Pitala anakhala pampando n'kudikira, phee, koyamba m'moyo wake, anthu akumuseka iyenso akuseka. Ndithudi, kuona maso a nkhono n'kudekha.