Mkamwini Amene Anawokera Mpunga Chafutambuyo

Kalekale, ana inu, mpunga usanazolowere kuima m'madzi, kunali chilumba pakati pa nyanja ya mchere, kutali kotulukira dzuwa. Anthu akumeneko ankafesa mpunga kumtunda ngati mapira. Mvula ikadula msanga, ankakolola mankhusu okhaokha.

Pachilumbapo panafika mwamuna wina pa bwato, dzina lake Kandulu. Anali woyendayenda, wodziwa madooko ambiri koma khasu osalidziwa. Ankati angogona masiku awiri, koma ataona mtsikana wina, Namasina, akusenda kokonati pagombe, bwato analikokera pamchenga, nkhafi n'kuisomeka kudenga. Anakwatira, nakhala mkamwini.

Tsono apongozi ake, aNachanza, sankamukhulupirira. Mwa mwambo, mkamwini ndi apongozi sankalankhulana maso ndi maso. Mawu onse ankadzera mwa Namasina, ngakhale atatuwo atakhala pabwalo limodzi.

"Namasina," anatero aNachanza, akuyang'ana nkhuku, "uwauze amuna ako kuti dengu la mbewu ndi ilo. Nkhokwe ikapanda kudzaza chaka chino, mphasa yawo ndikaiponya ndekha m'bwato muja."

"Akuti..."

"Ndamva, mkazanga. Uwauze kuti nkhokwe imodzi ichepa."

Ankangodzitama. Kandulu anali asanafesepo kanthu chibadwire. Iye anaganiza monga msodzi, kuti nsomba zimakoma zikadzazana muukonde. Choncho anakumbakumba kamalo kuseri kwa nyumba ya apongozi, kosaposa mphasa ziwiri, n'kukhuthulirapo dengu lonse. Mbande zinamera zothinana ngati ubweya wa mbuzi, iye n'kumayenda modzigomera.

ANachanza atazungulira kuseriko, anagwira pakamwa.

"Namasina! Uwafunse amuna ako ngati kwawo amadya udzu. Ndiponso apa ndi poyanikira chinangwa changa. Azule, lero lomwe!"

Kandulu mtima unagwa. Minda yonse yakumtunda inali ndi eni ake, ndipo mbewu ina panalibe. Anayang'ana nkhafi ija kudenga. Kale akanangoisolola n'kumapita, monga ankachitira zinthu zikavuta. Koma Namasina anali atayamba kulakalaka mango osapsa, ndipo Kandulu ankadziwa tanthauzo lake. Nkhafi anaisiya pomwepo.

Anazula mbande mosamala, nazimanga timitolo. Malo opanda mwini anali amodzi okha: chithaphwi cha kudambo, chimene ng'ombe zinkapondaponda pokamwa madzi mpaka matope kusanduka phala. Analowamo mpaka m'mawondo, nayamba kutsindika mbande imodziimodzi ndi chala.

Anthu odutsa anaima. "Alamu, mukudzala nsomba kodi?" anafuula wina. "Zikabereka mutigawireko mitu!"

Posakhalitsa aNachanza nawonso anafika, nakhala pachulu m'mphepete mwa chithaphwicho kuti aonerere bwino. Kandulu sanawaone. Anali atawerama, nkhope kunyanja, ndipo chimene chinaloza kuchulu mukuchidziwa nokha. Musaseke kwambiri, inunso mudzakhala ndi apongozi.

Namasina anathamanga, madzi ali phwa, phwa. "Bambo inu! Mwawafulatira amayi! Mwawaloza ndi chiyani chimenecho?"

Kandulu anatembenuka ngati walumidwa ndi nkhanu. Koma tsopano vuto linali lina. Kupita kutsogolo kunali kuyandikira apongozi, zomwe mwambo sulola. Kutembenukanso kunali kuwatukwana. Kuweramuka kunali kuphana nawo maso. Choncho anazyolika, natsindika mbande patsogolo pake, n'kuponya phazi kumbuyo. Anatsindikanso ina, n'kubwereranso. Akafika kutsidya, ankazungulira kutali kudzera m'bango, n'kudzayambiranso mzere wina.

"Uwafunse amuna ako ngati akundithawa," anatero aNachanza.

"Uwauze kuti ndi ulemu," anayankha Kandulu, mphuno ili pafupi kugunda matope.

ANachanza zinawakomera moti ankabwera tsiku ndi tsiku ndi fodya wawo, mpaka kamtolo kotsiriza katatha. Mizere inatuluka yowongoka, ndipo panalibe mbande ngakhale imodzi yopondedwa, pakuti zodzala zinkatsala kutsogolo, mwini wake akubwerera m'mbuyo.

Mbande zinayamba zafota, Kandulu n'kumasowa tulo. Kenaka zinadzuka. Poti iliyonse inali ndi malo ake, inabala ana ambirimbiri, chithaphwi chonse n'kubiriwira. Chaka chimenecho mvula inadula msanga. Kumtunda mpunga unauma uli chiimire, koma wa Kandulu mapazi ake anali m'madzi. Ngala zinalemera mpaka kuzyolika, ndendende mmene ankazyolikira wozidzala. Anamweta, anapuntha, nkhokwe inadzaza, wotsala n'kuuthira m'bwato muja poti madengu anatha.

ANachanza analawa mpunga watsopano wophikira kokonati, natafuna nthawi yaitali.

"Namasina, uwauze amuna ako kuti bwatolo lisachoke pamenepo. Ndi nkhokwe yabwino."

Dzinja lotsatira, onse amene ankaseka aja anatsikira kudambo. Poyesa kuti Kandulu anali ndi mankhwala, ndipo poopa kuwalakwitsa, anatengera chilichonse: kufesa mothinana pakamalo kochepa, kuzula, kulowetsa ng'ombe kuti ziponde matope, ndi kuyenda chafutambuyo. Ena mpaka ankabwereka apongozi a anzawo kuti akhale pachulu.

Ndi chifukwa chake lero, kulikonse kumene mungayende, kaya kuzilumba kaya kumadambo akwathu kuno, mpunga umabadwira pena n'kukakulira pena, monga mkamwini. Ndipo mukaona anthu atawerama m'matope, akuwokera mbande uku akubwerera m'mbuyo, musawafunse chimene akuthawa. Chulu chija chinagumuka kalekale, koma palibe amene analimba mtima kuchifulatira.