Besi ya a Finye

Kalekale, nyama zisanayambe kuopana, kudambo la Chisenjere kunali kwaya. Senderani kuno ana inu. Nanu akuluakulu oimba kwaya kutchalitchi, musandiyang'ane ndi diso lofiira, sindinatchule munthu.

Kwaya imeneyi inkaimba nyengo ya mvula yokha. Mvula yoyamba ikangogwa, fungo la dothi lili guu, nyama zonse zinkasonkhana pachulu chachikulu kudzamvera nyimbo zatsopano. Kuchokera pamenepo kwaya inkayenda dambo ndi dambo, ukwati ndi ukwati, mpaka chimanga kucha. Ndiye dzuwa likafika poswa mtengo, mitambo itayamba kusonkhana, oimba ankakumana masana aliwonse pansi pa mkuyu kuphunzira nyimbo.

Woimbitsa anali a Nanzikambe, nkhalamba yosadziwa kupupuluma. Mawu aang'ono ankaimba ndi a Nkhululu ndi a Nyenje, apakati ankaimba achule aakazi, ndipo kumbuyo kunkaima achule aamuna anayi a besi. Mkulu wa besiyo anali Finye, kachule kakang'ono, kamutu kolowa m'mapewa. Mvula zisanu ndi ziwiri Finye anatsogolera besi. Kumudzi sankamutchula n'komwe dzina, ankangoti "a Besi," ndipo iye ankayenda ngati dambo lonse ndi la bambo ake.

Chaka chimenecho kunabwera a Mvuu.

Anangotulukira tsiku lina, di! di! di! nati akufuna kuyesako. A Nanzikambe anatembenuza diso limodzi. "Tayesani, achimwene."

A Mvuu anayasamula. "BOOOMM!"

Nkhuyu zinayoyoka. Madzi apadziwe ananjenjemera. Achule aakazi anagwirana manja, nthungululu kuti lilililili! Finye anamva ngati wameza khala lamoto.

Kunyumba, mkazi wake Nangozo anangothira mchere pabala. "Koma abambo aja, mawu! Ine mpaka m'chiwindimu munachita kuti njenjenje."

"Amenewo si mawu, ndi phokoso," anatero Finye. "Ngakhale mtsuko wopanda kanthu ukauuzira umalira."

"Inu a Besi, nsanje."

"Nsanje ine? Ndichitire nsanje chimtsuko chimenecho?"

Anakankha mbale ya chiswe, osalawako ngakhale chimodzi. Inali nsanje, ana inu, nsanje yeniyeni, ija yoti mnzako akangotsokomola iwe umati akudzionetsera.

Tsono a Mvuu anali nayo yawo nthenda, ndiyo dyera. Pophunzira nyimbo, amayi ena ankaotcha chinangwa kuseri kwa mkuyu kuti oimba akamaliza atafuneko. A Mvuu akangomva fungo ankachoka pamzere, nyimbo ili pakati. "Ndikafewetse pakhosi," ankatero. Anzawo pomaliza ankapeza makoko okhaokha. Ukawadandaulira ankayankha kuti, "Mawu ngati angawa safuna kuphunzira, amafuna kudyetsedwa."

Dyeralo silinathere pachinangwa. Analanda ndime yoyambitsa nyimbo ya a Nkhululu. Analanda malo akutsogolo, moti kwaya yonse inkaimbira kuseri kwa mbuyo yawo. Kenako tsiku lina analoza Finye ndi anzake atatu aja.

"Aphunzitsi, besi ndilipo ine. Nanga tinthu tinayi iti, ntchito yake n'chiyani?"

A Nanzikambe anaganiza. Anaganizanso. Mthunzi wa mkuyu unasuntha. "Tidzaona tsiku loyamba pachulu," anatero pomaliza. "A Mvuu akadzaimba bwino, besi ndi yawo nyengo yonse. A Finye ndi anzawo adzagwira maseche."

Maseche! Mvula zisanu ndi ziwiri, ndiye maseche!

Finye anayesa zansanje zonse zimene inunso mukanayesa. Anawaza chitedze pamalo oima a Mvuu, koma khungu la mvuu silimva chitedze, amene anadzikanda tsiku lonse ndi a Nyenje. Anapaka tsabola wakambuzi pachinangwa. A Mvuu anadya, nanyambita milomo, nati, "Lero lokha mwakometsa. Mawa muwonjezere." Finye anabwerera kunyumba akulankhula yekha.

Nzeru inamufikira ali pamzere. Nyimbo yaikulu ya chaka chimenecho inali yolonjera mvula, ndipo inkatha ndi besi yokha. Ena onse ankakhala chete, besi n'kukoka liwu limodzi, "Mvulaaaa," osadula mpaka dzanja la woimbitsa litatsika kuchokera pamutu kufika pabondo. Tsono inu mukudziwa mayendedwe a nanzikambe. Dzanja kutsogolo, kuima, kubwerera pang'ono, kuganiza, kupitanso. Chaka ndi chaka omvera ankadabwa kuti timatupi tating'ono chonchi mpweya wake timausunga pati.

Panalibe matsenga. Oimba amati kuba mpweya. Anayi aja ankaima mothithikana. Finye akaponda chala cha mnzake, mnzakeyo ankaleka kuimba, kukamwa kuli yasa ngati akuimbabe, n'kukoka mpweya mwakachetechete, n'kulowanso. Iyenso ankaponda wotsatira. Atatu akuimba, mmodzi akupuma, liwu osaduka. Aliyense wofika kumapeto kwa nyimbo ankazidziwa zimenezi.

Finye anatembenuka. Kuseri kwa mkuyu kunkamveka khwa, khwa, khwa. A Mvuu anali asanafikepo kumapeto kwa nyimboyo ngakhale tsiku limodzi.

M'mawa mwake Finye anapita kudziwe, nagwada, naomba m'manja. "Odi, akuluakulu."

"Ukufuna chiyani, kamaseche?"

Finye anaweramitsa mutu. "Ndabwera kudzagonja. Besi ndi yanu, ndani angalimbane ndi mtunda wopanda madzi? Koma kanthu kamodzi kokha, chonde. Liwu lomaliza lija mutisiyire ife."

A Mvuu anatukula makutu. "Liwu lomaliza liti?"

"Aa, n'kanthu kachabechabe. Paja pamene kwaya yonse imati zii, maso a dambo lonse ali pa besi. Ndi pamene nthungululu zimagwa. Nangozo wanga anandikondera pomwepo. Mukatilanda pamenepo, akuluakulu, tatha ife."

"Ndiye nthawi yonseyi mumandibisira? Ndidzaimba ndekha! Wina adzangoyerekeza kutsegula pakamwa, ndidzamukhalira!"

"Koma n'lalitali, akuluakulu. Ife timachita kuthandizana."

A Mvuu anaseka mpaka madzi kusefukira. "Lalitali? Ine ndimamira pansi pa dziwe n'kugona tulo komweko. Kachifuwa kako konga nsawawa kakwanitse, ine ndilephere?"

Masana omwewo a Mvuu anakauza a Nanzikambe kuti liwu lomaliza n'lawo okha. Nkhalamba ija inatsegula pakamwa kuti iwachenjeze. Pamene inkafika pa "Koma," a Mvuu anali atapita kale kuchinangwa.

Mvula inagwa Lachinayi m'mawa, ndipo masana ake pachulu panadzaza. Kunali a Njovu ndi banja lawo, agwape, anungu, ngakhale a Kamba amene ananyamuka dzana. A Mvuu anaima kutsogolo, maluwa a kakombo ali m'khosi. Finye anaima kumbuyo ndi anzake, pakamwa ali tseke.

Nyimbo inayenda bwino, ndisaname. A Mvuu akati boomm, chulu chinkavomera. Kenako kwaya yonse inati zii. Dzanja la a Nanzikambe linakwera pamutu.

"MVULAAAAA!"

Ha, linali liwu lokoma. A Njovu anatsinzina. Nangozo anagwira pachifuwa. Finye anaziona zimenezo, mtima wake unagwa. Nanga chinthuchi chikakwanitsa? Ndiye kuti iye mwini wachipatsa nthungululu zake ndi manja awiri.

Dzanja linafika pakhutu. A Mvuu akukokabe.

Dzanja linafika paphewa. Maso a a Mvuu anayamba kufiira.

Dzanja linafika pachifuwa. Timakutu tija tinayamba kuzungulira. A Mvuu anayang'ana dzanja lija ngati wanjala ayang'ana mphika wochedwa kupsa.

Ndiye panadutsa ntchentche. Diso limodzi la a Nanzikambe linaitsatira, dzanja linaima. Linaima, ana inu, kenako linabwerera m'mwamba pang'ono.

Liwu lija linachepa, linachepa, mpaka linasanduka kulira kwa udzudzu. A Mvuu anatong'ola maso. Anafinya m'mimba, anafinya m'chifuwa, munalibe kanthu. Basi zinangophulika. "Hm! Hm! Hm-hm-hm-hm!" Ndipo mpweya umene unasowa kutsogolo unapezeka kumbuyo, bwiii! kamchira kakupukusa.

Pomwepo Finye anatsinzinira anzake, anayiwo n'kulitola liwu lija lisanagwe pansi. "Aaaaa!" Uyu kuponda uyu, uyu kuponda uyo, mpaka dzanja la nkhalamba linakhudza bondo. A Mvuu sanazimve zimenezo. Anali atagubuduka kale pachulu, gubudu gubudu, mpaka m'dziwe, chubwi!

Nyama zinaseka mpaka kugwira nthiti. A Kamba anagwa chagada, anachita kuwatembenuza. A Nanzikambe anadikira phokoso lithe, nati, "Besi ndi ya a Finye."

Kuyambira tsiku limenelo a Mvuu sanabwererenso pamzere. Manyazi anawasunga m'madzi, kumangotulutsa maso ndi mphuno, ndipo mpaka lero mukadutsa kudziwe mudzawamva akufunafuna mpweya uja, hm, hm, hm-hm-hm.

Finye anakondwa masiku awiri. Tsiku lachitatu kunatera a Kakowa, mthenga wa dambo lakutsidya, kudzaitana kwaya ku ukwati.

"Mbiri yanu yafika kwathu," anatero a Kakowa. "Koma musaiwale kubwera ndi uja wa hm-hm-hm. Ana kwathu sakudya, akungofuna kumuona."

"Ameneyo kulibe," anatero Finye. "Besi ndine."

A Kakowa anapinda khosi, namuyang'ana kuchokera kumwamba. "Pepani bambo, inu ndinu ndani?"

Ndi mmene inayendera nyengo yonse. Dambo ndi dambo, ukwati ndi ukwati, Finye ankaimba osaphonya ngakhale kamodzi. Omvera ankaomba m'manja kawiri katatu, n'kuyamba kusuzumira kumbuyo kwa kwaya. "Nanga wamkulu uja sanabwere?" Ana ankathamangira oimba panjira akukuwa, "Hm-hm-hm! Bwiii!" Kumadambo ena anapeka ndi gule wake womwe, womagwa chogubuduka. Za achule anayi amene anapulumutsa nyimbo, panalibe wozikumbuka.

Finye anafuna kuchotsanso mdani pamzere, koma panalibenso woti n'kumuchotsa. Ungalimbane bwanji ndi munthu amene ali phee m'madzi, dzina lake likuyenda lokha? Nsanje inasowa potulukira. Inadzaza m'chifuwa, inatsikira m'mimba, ndipo Finye anafufuma, nafufuma, mpaka miyendo kulephera kufika pansi. N'chifukwa chake mukamukhudza finye ndi kamtengo amatupa nthawi yomweyo. Amayesa nanunso mwabwera kudzafunsa za a Mvuu.

Nthano yanga yadukira pamenepa, wina aphule mbatata ija isanasanduke khala. Wadyera amatsamwa ndi chimene walanda, zimenezo mukuzidziwa kale. Koma wansanje, ngakhale mumubwezere mpando wake, amasilirabe mnzake amene wagwa pansi, poti wagwa anthu akuona.